Tsiku Lomwe Mayi Rozina Anatseka Pakamwa M'phanga

Mukafika ku Springburn mumzinda wa Glasgow n'kufunsa kuti Mayi Rozina Mwafulirwa ndi ati, palibe angakuuzeni za msinkhu kapena nkhope yawo. Amangoti, "Dikirani pang'ono, muwamva." Ndipo sanama ayi, mayiwa amayamba kumveka asanaoneke. Potsika masitepe a fulati yawo m'mawa amakhala ali pa nyimbo, ndipo akafika pokwerera basi amapatsa moni aliyense, ngakhale nkhalamba ya Chisikoti imene yadzuka ndi tsinya pankhope. Moni wawonso si wongodutsa. Amafunsa za bondo lija linkavuta, za mdzukulu uja anali ndi chifuwa, mpaka za galu amafunsa.

Mawu amenewa sanawatole ku Ulaya. Anabadwira ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, m'nyumba ya ana ambiri momwe wolankhula monong'ona ankangotsalira pa chilichonse. Atakula anagulitsako zitenje mumsika wa Limbe, ndipo n'komwe kukhosi kwawo kunakhwimira, chifukwa munthu wodutsa kutsidya kwa msewu ankayenera kumva kuti zabwera zatsopano. Anakwatiwa ndi a Goodwill a ku Karonga, bambo wofatsa amene mawu ake a tsiku lonse angakwane m'kapu ya tiyi. A Goodwill anabwera ku Glasgow kudzawonjezera maphunziro, atamaliza anapeza ntchito pachipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan, kenako anaitanitsa akazi awo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Ndapile, amene pa nthawiyo anali ndi zaka zisanu.

Mayi Rozina anapeza ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo kumeneko mawu awo anasanduka dalitso. Agogo amene makutu anawathawa kalekale amamva Mayi Rozina okha basi. Anzawo a ntchito akalephera kuuza munthu kuti nthawi yosamba yakwana, amangothamangira kukawaitana. Kutchalitchi nako ndi chimodzimodzi. Maikolofoni ikafa pakati pa nyimbo, palibe amadandaula ngati iwo alipo.

Munthu mmodzi yekha mu Glasgow monse amene mawuwo ankamupweteketsa mutu anali Ndapile. Mwanayu anali atafika kalasi yomaliza ya pulayimale, ndipo Chingerezi chake chinali chitasanduka cha kuno chenicheni, chothamanga ndi chomeza mawu, choti ngakhale a Goodwill ndi madigiri awo ankati, "Tabwerezanso." Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi basi. Ukamufunsa za ku Chilomoni ankangokweza mapewa n'kunena kuti sakukumbukira kalikonse.

Zinthu zinafika poipa pa konsati ya Khirisimasi ya kusukulu. Ndapile anaimba ndime yekha, ndipo anaimba bwino mwanayo, tisamunamizire. Makolo a kuno anaomba m'manja mwaulemu, timanja tawo phapha, basi. Mayi Rozina anadzuka n'kutulutsa nthungululu yaitali imene inadzutsa khanda lomwe linali m'tulo kumbuyo kwa holo, kenako anadutsa pakati pa mipando akuvina mpaka kutsogolo. Iwo ankaona kuti achita zoyenera kholo. Kuyambira tsiku limenelo Ndapile analamula kuti azimusiya pakona ya shopu ya tchipisi, asamafike naye pageti la sukulu.

Mayi Rozina ankazisekera zimenezi akamacheza ndi anzawo, koma zinkawawawa. Kuima pakona mvula ikuwaza, n'kumaona mwana wako akufulumiza miyendo osacheuka, si nkhani yoseketsa ayi.

Ndiye kunabwera nkhani ya ulendo. Pa msonkhano wa makolo, mphunzitsi wa kalasiyo, a Misi Docherty, analengeza kuti ana apita kukaphunzira kupaki ina ya mapanga kunja kwa mzinda, ndipo pakufunika kholo limodzi loperekeza. Asanamalize n'komwe, dzanja la Mayi Rozina linali m'mwamba kale, linalo likulichirikiza pachigongono.

"Mum, no. Please, no," anatero Ndapile atamva, foloko itagwera m'mbale.

"Iwe, ndalembetsa kale. Ukufuna aphunzitsi anditenge ngati munthu wabodza?" anayankha amayi ake.

Anakangana monga mwa masiku onse, mwana m'Chingerezi, mayi m'Chichewa, a Goodwill akungosuntha maso uku ndi uku ngati akuonera mpira. Pomaliza Ndapile anapukuta misozi n'kuika lamulo lake.

"Chabwino, mupite. Koma mukakangokuwa, kapena kuimba, kapena kuchita chilichonse choti anthu atembenuke, ku mwambo wotsanzikana musadzabwere. Adzabwere adadi okha."

Apa ndiye anawagwira pakhosi. Mwambo wotsanzikana ndi tsiku limene ana omaliza pulayimale amaitanidwa mmodzimmodzi kutsogolo, makolo akuonerera, ndipo kwa mwana mmodzi yekha tsiku limenelo silibwera kawiri. Mayi Rozina anali akuliyembekezera chiyambire chaka. Ananena kuti avomera.

"Amake Ndapile, mwalonjeza chinthu chachikulu," anatero a Goodwill mwanayo atalowa kuchipinda. "Inuyo tsiku lonse chete?"

"Bambo a Ndapile, mukundiderera. Ndikhala ngati mwala, muona."

Anayamba kuyeserera mawa lake lomwe. Kuntchito analowa mwakachetechete, akungogwedeza mutu popereka moni, ndipo isanakwane nthawi ya tiyi agogo awiri anali atafunsa ngati kwawo kwagwa maliro. Lamulungu kutchalitchi anaimba motsitsa, kwaya yonse inasochera pakati pa nyimbo. Atatuluka, Mayi Sellina, mnzawo wa m'gulu la amayi, anawakokera pambali. "Sisi, ngati ndi nkhani ya m'banja musabise. Tiuzeni tigwade limodzi."

Kutatsala tsiku limodzi anakazinga mandasi odzaza beseni, oti kalasi yonse idye. Ndapile atawaona anagwira kumutu. Anafotokoza kuti kusukulu kwawo sagawana zakudya chifukwa ana ena zakudya zina zimawadwalitsa. Mayi Rozina anakhala pampando akuyang'ana beseni lawo mwachisoni. Apa a Goodwill anatulutsa nzeru imene mpaka lero amanyadira.

"Tengani ena m'chikwama. Mawu akafika pakhosi, mutsekepo ndi mandasi."

M'mawa wa ulendo kunali kamvula kowaza kaja kosatha. Ndapile anakwera basi osayang'ana kumbali, n'kupita kumpando wa kumbuyo kwenikweni ndi mnzake wapamtima Angel. Mayi Rozina anakhala kutsogolo pambali pa a Misi Docherty, atavala kajekete kachikasu kowala komwe anawapatsa, chikwama cha mandasi chili pamiyendo. Tsitsi anali atalukitsa dzulo lake, mtolo waukulu wokongola pamwamba pamutu.

Mayesero anayamba basi isanatuluke n'komwe mu Springburn. Ana anayamba kuimba, ndipo Mulungu awakhululukire, aliyense anali ndi njira yake. Panalibe wotsogolera, panalibe wothira mang'ombe. Kukhosi kwa Mayi Rozina kunayamba kuyabwa, chala chinayamba kuimba bondo chokha. Anapisa dzanja m'chikwama n'kutsekapo. Atatuluka mumzinda anaona ng'ombe yofiirira itaima m'dambo, ubweya wautali utagwera kumaso ngati yavala wigi. Mawu akuti "Taonani ng'ombe yochokera ku saluni!" anafika mpaka pamano. Anatsekaponso. A Misi Docherty anawayang'ana mwachifundo n'kufunsa ngati sanadye m'mawa. Iwo anangomwetulira, masaya atatupa.

Kupakiko anawalandira ndi a John, bambo wamtali wa ndevu zofiira amene ntchito yake ndi kuyendetsa ana a sukulu m'mapangamo. Anagawira aliyense chisoti cholimba chokhala ndi katochi pamphumi. Cha Mayi Rozina chinakana kutsika. Chinangokhala pamwamba pa mtolo wa tsitsi ngati mphika pankhata, ndipo akapotoloza mutu chinkatsalira pang'ono kenako n'kutsatira. Ana ena anaseka. Iwo anayang'ana kwa Ndapile mofulumira, koma ichi sichinali mlandu wawo, ndipo mwanayo anangoyang'ana kumwamba.

Kenako a John ananena mawu amene Mayi Rozina sanawayembekezere. M'phanga simulowa chakudya chilichonse, chifukwa nyenyeswa zimaitana makoswe ndi nkhungu. Zikwama zonse zitsale m'kanyumba ka pachipata. Mayi Rozina anapereka chikwama chawo ndi manja awiri, akuchiyang'ana ngati mwana amene akumusiya kusukulu yogonera konko. Tsopano anatsala okha ndi pakamwa pawo.

Khomo la phanga linali m'munsi mwa phiri, lakuda bii, mpweya wozizira ukutuluka. Mayi Rozina sanalowepo malo a eni osaodira chibadwire, ndiye anati "odi" mumtima mokha n'kuwerama. Ntchito yawo inali kuyenda pambuyo pa mzere kuti mwana asatsale. M'katimo munali magetsi aang'onoang'ono m'mbali mwa njira, ndipo makoma ankanyezimira ndi chinyezi. A John ankaima paliponse n'kumaphunzitsa. Anaonetsa miyala yolendewera kudenga ngati mawere a ng'ombe, n'kufotokoza kuti imakula ndi madontho a madzi, pang'onopang'ono kwambiri moti munthu angabadwe mpaka kukalamba osaona kusintha. Anaonetsa pomwe anthu akale ankakumba mwala wa laimu, ndi njira ina yotsekedwa ndi chitsulo yopita kutali komwe kumagona mileme. Kenako anagawa timagalasi tokulitsa zinthu kuti ana aone zigoba za nkhono zomatirira m'thanthwe, n'kunena kuti kalekale pamalo ponsepa panali nyanja.

Nyanja pansi pa phiri! Mayi Rozina anali ndi mafunso odzaza dengu. Madziwo anapita kuti? Anaona ndani? Nanga nsomba zake? Analuma mlomo mpaka kumva kuwawa. Chimwemwe chinkawatokosa m'nthiti ngati mwana wakhanda akutakataka, chifukwa zinthu zokongola chonchi iwo sanazolowere kuziona chamumtima. Pamalo ena oterera Angel anatsetsereka, iwo anamuwakha pamkono asanagwe, n'kumuimika bwinobwino osatulutsa ngakhale "mayo". Ndapile anacheuka. Sanamwetulire, koma anagwedeza mutu pang'ono, ndipo kwa amayi ake kugwedezako kunali ngati chikho cha mpira. Mumtima anayamba kale kusankha mpando wa ku mwambo uja.

Anafika m'chipinda chachikulu cha phangalo, chotakasuka ngati tchalitchi. A John anauza ana kuti akhale pamabenchi a matabwa ndipo azimitse matochi a pazisoti. Anati tsopano afika pa phunziro limene ana amalikonda koposa. Azimitsa magetsi onse kwa kanthawi kuti aliyense aone mdima weniweni, umene mumzinda sungauone. Anapempha kuti pasakhale wolankhula, aliyense angomvetsera madontho. Ndapile ndi Angel anakhala kutsogolo. Mayi Rozina anakhala pabenchi yomaliza, akuseka mumtima. Kuwaphunzitsa iwo mdima? Munthu wa ku Chilomoni?

Magetsi anazima.

Mdimawo unali wokhuthala zedi, woti ukaika dzanja pamphuno sulionanso. Ana anapuma mokweza, wina anaseka mwamantha, kenako kunangoti zii. Kunatsala dontho lokha, tho, tho, penapake kumanzere. Mayi Rozina anakhala mosatekeseka, ndipo mosadziwa anapezeka ali kwawo. Kumeneko magetsi ankapita osatsanzika, nthawi zina mphika uli pamoto, nthawi zina mpira uli pakati pa wailesi ya kanema. Anthu ankatuluka n'kukhala m'makonde, ana akusewera m'njira, aliyense diso lili pababu la pakhomo la oyandikana nawo. Ndiye akabwera magetsiwo, palibe ankachita kuuza mnzake chochita. Dera lonse, kuyambira ana mpaka akuluakulu ena opanda manyazi ngati iwo, linkaphulika ndi mfuu umodzi, wochokera kumtunda kutsikira kumsika.

Apa m'pamene anazindikira msampha umene analimo. Magetsi awa ayakanso posachedwa. Ndipo mfuu uja unali utadzuka kale m'mimba mwawo, ukukwera pang'onopang'ono, osafunsa chilolezo. Chikhalire ku Glasgow magetsi anali asanawazimirepo, ndiye mfuuwo unali utagona zaka zonsezo ukunenepa. Anapisa dzanja pambali kufuna chikwama, n'kukumbukira kuti chili kuchipata. Thukuta linatuluka m'phanga lozizira ngati filiji. Anatseka pakamwa ndi dzanja lamanja, n'kusanjikizapo lamanzere, n'kukanikiza mwamphamvu. Anapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wawo wonse: Ambuye, ndigwireni.

Magetsi anayaka.

"Ayakaaaa!"

Mfuuwo unawomba denga n'kubwerera, phanga lonse likuubwereza mbali ndi mbali. Basi, zatha, anaganiza Mayi Rozina. Koma kenako anamva kuti manja awo onse awiri akadali pakamwa, atakanikiza mpaka mano kupweteka. Mpweya wawo unali usanatuluke. Komanso mawuwo sanali awo. Anali aang'ono, akuthwa, a mwana, ndipo anachokera kutsogolo.

Ndapile anali ataimirira theka, manja ali m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Nkhope yake inali yowala ndi chimwemwe chimene amayi ake anali asanachione chichokereni ku Malawi. Chinakhala kanthawi kochepa chabe. Kenako mwanayo anazindikira chimene wachita, manja anagwa, maso anatuzuka ndi mantha, n'kudzigwetsa pabenchi. Ana enawo anali akuphethiraphethira, kuwala kutawathobwa m'maso, ndipo chifukwa phanga linabweza mawu mbali zonse, palibe anadziwa komwe achokera. Mitu inayamba kutembenuka, kufunafuna. Angel anali atayamba kale kupotolokera kwa mnzake.

Mayi Rozina anaona zonsezi, ndipo anadziwa chimene chikubwera. Ana a msinkhu umenewu saiwala. Mwana wawo akanakhala "Ayaka" mpaka ku sekondale. Anaganiza za mwambo uja, za dzina la Ndapile likuitanidwa iwo ali kunyumba akuyang'ana khoma. Zinawapweteka, koma sanachedwe nazo. Anachotsa manja pakamwa, anaimirira, n'kumasula zonse zimene anasunga kuyambira m'basi.

"AYAKAAAAAA!"

Abale, phanga lija linaona zinthu. Mawu a mumsika wa Limbe anadzaza chipinda chonse, kulowa m'tinjira tonse n'kubwerako ali awiriawiri. A John analumpha n'kugwetsa tochi. A Misi Docherty anagwira pamtima. Chisoti chija chinatsika pamtolo wa tsitsi n'kugubuduzika pansi, kho kho kho, mpaka pamapazi a ana. Mitu yonse inatembenukira kumbuyo, ndipo panalibenso wokayika kuti mfuu woyamba uja unali wa yani. Mayi wa kajekete kachikasu anali ataima pamenepo, manja m'mwamba, akupuma wefuwefu.

"Mayi, muli bwino? Mwavulala?" anafunsa a John m'Chingerezi, akubwera mothamanga.

Poti madzi anali atatayika kale, Mayi Rozina anangolankhula. Anapepesa, kenako anafotokoza ndi mawu awo onse kuti kwawo magetsi amapitapita, ndipo akabwera anthu sakhala chete ngati palibe chachitika. Amawalandira. Anati mawuwo amangotanthauza kuti magetsi abwera, koma ukawakuwa wekha sakoma, amafuna dera lonse. Ana anamvetsera kukamwa kuli pululu. Kenako mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa a John ngati angazimitsenso.

"Zimitsaninso! Zimitsaninso!" kalasi yonse inagwirizana.

A John anakanda ndevu, n'kunena kuti mileme ili kutali ndipo ngati sinadzuke ndi mfuu wa mayiwa ndiye kuti sidzukanso. Kamodzi kokha, anatero. Anazimitsa. Mumdimamo munkamveka ana akudziletsa kuseka, mabenchi akunjenjemera. Atayatsa, ana a ku Springburn anakuwa ndi mphamvu zawo zonse, ena "ayaka", ena "ayeka", ena zongopeka, a Misi Docherty nawonso ali momwemo ndi kamawu kawo kosongoka. Ngakhale a John anakuwa, ndevu zikugwedera. Kamodzi kaja kanabala kena, kenanso, mpaka a John anati phunziro la miyala lisafere pamenepo.

Mmodzi yekha sanakuwe nawo. Ndapile anakhala chowerama, akuyang'ana nsapato zake. Potuluka anadutsa pafupi ndi amayi ake osawayang'ana. Pa chakudya chamasana, pamatebulo a pansi pa denga la malata, ana anaunjikana kwa Mayi Rozina kuti awaphunzitse kutchula bwino, ndipo wina anafunsa ngati ku Malawi kuli mapanga. Iwo ankayankha, akuseka, koma diso linali kwa mwana wawo amene anakhala patebulo lakutali akufinya sangweji osadya.

Mumtima mwawo munali chisokonezo chokoma. Mwambo uja anautaya, ankadziwa, chifukwa Ndapile akanena chinthu sabweza, anatengera bambo ake. Koma akakumbukira kamawu kaja kakuthwa, kotchula bwinobwino ngati mwana wobadwira kuseri kwa msika, chimwemwe chinkawakwera mpaka m'makutu. Ankafuna kuimbira foni a Goodwill pomwepo, ankafuna kuuza Mayi Sellina, ankafuna kuuza dalaivala wa basi. Koma iyi inali nkhani imodzi imene sakanauza munthu. Anapita kukatenga chikwama chawo n'kudya mandasi otsala okhaokha, akumwetulira ngati wopenga.

Pobwerera a Misi Docherty anakhala pakati pa basi pafupi ndi mwana amene ankamva mseru, ndiye mpando wa pambali pa Mayi Rozina unali wopanda munthu. Kumbuyo ana ankakuwa "ayaka" pa chilichonse, galimoto ikayatsa nyali, dzuwa likasuzumira m'mitambo. Pang'onopang'ono anatopa, ena anagona. Basi itayandikira mzinda, Mayi Rozina anamva munthu akukhala pambali pawo. Sanatembenuke. Ankaopa kumuthawitsa.

"Mum, munanama," anatero Ndapile motsitsa, m'Chingerezi.

"Ine? Sindinaname. Ndinangokuwa. Kukuwa ndi bodza?"

"Aliyense akuganiza kuti munali inu kawiri konse."

"Asiye aganize. Ine anandizolowera kale."

Ndapile anakanda mpando wa kutsogolo ndi chikhadabo. Kenako ananena kuti sakudziwa chimene chinachitika. Mumdima muja anangomva fungo la makala, ndipo panali munthu amene anamunyamula paphewa akuthamanga naye mumsewu, anthu onse akukuwa, iye atagwira makutu a munthuyo kuti asagwe.

"Amalume ako a Penjani amenewo," anatero amayi ake. "Ankathamanga nawe mpaka pachigayo n'kubwerera. Makutu awo unkawakoka ngati zogwirira za poto."

Mwanayo anaseka pang'ono, kenako anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. Basi inaima pamaloboti. Panja anthu ankadutsa ndi maambulera awo, osadziwa kanthu.

"Lamulo ndi lamulo, mwanawe, ndikudziwa," anatero Mayi Rozina. "Adadi ako adzajambula pafoni, ndidzaonera kunyumba. Usadandaule."

Milomo ya Ndapile inkayenda yokha, ngati munthu amene akusanja katundu wosweka. Amayi ake anadikira, ndipo aka kanali koyamba tsiku lonselo kudikira popanda kudzikakamiza. Mawu atatuluka anatuluka m'Chichewa, chopindika pang'ono ndi lilime la ku Glasgow, koma chathunthu.

"Amayi, mudzabwere. Mudzakhale kutsogolo, kuti ndizidzakuonani."